Botolo Lopanda Phula

Jolame anamwalira Lachitatu m'mawa kuchipatala cha ku Labasa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu Savusavu yense anali atagawikana pawiri. Ena ankati wapha mkuluyo ndi Kitione ndi njiwa yakeyo. Ena ankati ndi nsanje chabe, kwathu kuno munthu akangotukula mutu pamapezeka womuponya mwala, ndipo pofuna kuonetsa kuti sakuopa ankagula njiwayo n'kumamwera pamsewu pomwepo. Amene ankandisowetsa mtendere ine ndi achiwiriwa.

Ine ndine Vasiti, Sajeni wa polisi, ndipo ndinene poyera kuti nkhaniyi inandiwawa kuyambira pachiyambi. Kitione ndimamudziwa. Ndani samudziwa? Anapita ku Australia kukathyola zipatso m'minda ya eni, n'kubwerako wopanda galimoto, wopanda dzino lagolide, ali ndi ganizo limodzi lokha m'mutu: kufinya zipatso za kura n'kumagulitsa madzi ake m'mabotolo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kura? Chipatso chonunkha chija chimene chimangodzigwera kuseri kwa nyumba, nkhumba n'kumachilambalala? Inde, akuluakulu ankamwa madzi ake n'kumati amathandiza maondo, koma kuti munthu atulutse ndalama m'thumba kugula fungo limenelo?

Iye sanatsutsane ndi munthu. Anajambulitsa njiwa ya m'nkhalango mwathu muno, ija ya mtundu wa papaya wakupsa, n'kuimata pabotolo lililonse. Anaipenta pachisakasa chodikirira basi, pamalaya a timu ya ragibi, pamaambulera a amayi a pamsika. Loweruka lililonse ankaima pakhomo la msika ndi timakapu, kumwetsa anthu ulere, akuwaphunzitsa kutsina mphuno n'kumeza kamodzi. Eni sitolo ina yaikulu atamupempha kuti aziwapatsa katundu iwo n'kumatapo dzina lawo, anawakanira. M'zaka zochepa anthu analeka kunena kuti kura. Ankangoti, "Ndipatseni njiwa."

Tsono njiwa imene anamwa Jolame inali patebulo panga m'jumbo ya pulasitiki, a dokotala atatsimikiza kuti m'botolomo munali mankhwala opha udzu, oletsedwa aja. Tinalengeza pawailesi kuti anthu ayambe aleka kumwa, koma ndani amamvera apolisi? Kitione anali m'chitokosi, ndipo abwana anga, a Insipekitala, ankafuna kuti Lolemba akaonekere kukhoti. Akangoima m'khoti muja, dzina limene analimanga ndi manja ake lathera pomwepo, mwini wake ndende.

Ndinamupeza atakhala pansi, msana kukhoma, njiwa ili pachifuwa pa malaya ake.

"Kitione, ndithandize kuti nanenso ndikuthandize. M'shedi mwako mumasungamo mankhwala opha udzu?"

"Ayi, Sajeni. Ndalumbira kale m'mawa, ndilumbiranso."

"Amathira m'mabotolo ndani?"

"Ine ndekha. Mkazi wanga amamata njiwa basi."

"Unayambanapo ndi a Jolame?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "A Jolame ndi amene anagula botolo langa loyamba, anthu onse akundiseka. Anamwera pamaso pawo n'kunena kuti mwana uyu afika patali. Ndiwaphe ine?" Anapukuta kumaso. "Ndingalioneko botololo?"

Ndinalitenga n'kuliika patsogolo pake. Analiyang'ana kumunsi, analiyang'ana pambali, kenaka maso ake anakaima pakhosi pa botolo. Ndaonapo anthu ambiri akugwidwa ndi mantha m'chipinda chimenechi, koma uyu sanachite mantha. Nkhope inangogwa, ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro a wodwala kalekale.

"Waonapo chiyani?"

"Palibe."

"Iwe, ine si mwana."

"Ndatopa, Sajeni," anatero akutembenukira kukhoma. "Lembani zimene mukufuna."

*

Pushpa amagulitsa tsabola, mabiringano ndi roti, timikate tachimwenye tophwatalala, pakona ya msika, ndipo benchi lake ndi loyamba limene linalandira njiwa. Ukafuna kumufunsa funso uyenera kudikira kuti apume.

"Sajeni, khalani pansi, mwaondatu inu! Kupolisiko sakudyetsani? Tengani roti, musandikanire, ndakanda ndekha ndi msana wopwetekawu. Mwana uja mwamutsekeranji? Mbava zeni zeni zikuyenda mumsewu ndi mataye, inu n'kukagwira munthu wofinya zipatso. Mulungu wanga!"

"Anti, a Merewalesi, mkazi wa malemu, anagula njiwa pano?"

"Loweruka lapitali, botolo limodzi, ndipo ananenerera ngati nthawi zonse. Mayi ameneyo anganenerere ngakhale bokosi la maliro." Anadzimenya pakamwa. "Pepani, pakamwa pangapa padzandiphetsa."

"Botololo munaliona bwino?"

"Ndilione chiyani, onse ndi amodzi. Njiwa, chitsekero, phula."

"Phula lanji?"

"Inu simumwa eti? N'chifukwa chake mwaonda." Anatola botolo limodzi pabenchi n'kundisonyeza kukhosi. "Akatha kuthira amaviika khosi lonseli m'phula la njuchi lotentha. Kuti utsegule mpaka mpeni. Ndinamuuza ine kuti mwana iwe ukuwononga nthawi, iye akuti Anti, munthu azidziwa kuti chichokere m'manja mwanga palibe wagwiramo. Ndipo phula limenelo silichoka! Onani ili, lakale, ndimaikamo mafuta a kokonati, ndatsuka ndi sopo, ndatsuka ndi mchenga, koma m'mizere umu likadalimo."

Ndinapitsamo chikhadabo, chinatuluka ndi phula. Ndinasiya roti pabenchi n'kutsegula chikwama changa mmene ndinanyamulira botolo la umboni lija, Pushpa akupitiriza kudandaula za mbava za mataye. Khosi la botolo limene linapha Jolame linali losalala ngati mbale yotsuka. Botolo limeneli silinaviikidwepo m'phula chipangireni, ndiye kuti silinachoke pabenchi ili, ndiponso Kitione sanalidzaze. Iye anaona zimenezi ine ndisanaone, koma m'malo molumpha ndi chimwemwe anatembenukira kukhoma.

*

Kwa Jolame ndi kumtunda, kumene msewu umathera m'matope. Mvula inali ikuwaza. Panja amuna anali akumanga chisakasa cha maliro, amayi akuyala mikeka. Merewalesi ndinamupeza yekha m'khitchini, atakhala pamphasa, manja pamiyendo. Amalankhula pang'onopang'ono, ndipo akamaliza mawu amadikira ngati akumvetsera kuti agwera pati.

"Maso angawa ndi a ng'ala, mwanangu. Zolemba sindiona. Koma njiwa ndimaiona. Kitione anatiuza yekha pamsika kuti ife okalamba tisavutike n'kuwerenga, tikaona njiwa tizimwa osaopa."

"Tsiku limene malemu anamwa, botolo munalitenga pati, mayi?"

"Pakhonde. Pafupi ndi nsapato zawo za kumunda. Ndinati ha, kuiwala kwangaku, ndinalisiya panja chibwerere kumsika."

"Munatsegula ndi mpeni?"

"Ayi. Linangotseguka. Ndinati bambo ayamba kale kumwako." Anasisita mphasa ndi dzanja. "Anali asanadzuke, maondo anawagwira. Ndinawapititsira kapu pamphasa pomwepo. Anatsina mphuno, anameza kamodzi, mmene timachitira tonse. Ndiye anati, lero yawawa mwamtundu wina. Ine ndinaseka. Ndinati ndiye kuti ikugwira ntchito."

"Kuchipatala ananenapo kanthu?"

"Anandifunsa kamodzi kokha kuti botolo lija unalitenga pati. Nditawauza, anatseka maso. A dokotala atabwera kudzawafunsa, anati sakudziwa kanthu. Tsiku lomaliza, pakamwa ponse pali zilonda, anandigwira dzanja n'kunena kuti wandisamala bwino, mayi."

Ndinatuluka kaye. Kuseri kwa nyumba kunali munda wa malemu wa dalo, mbewu yathu ya mizu yonga chilazi. Pakati pa mizere udzu wonse unali wachikasu, wopserera, pamene wa m'mbali mwa msewu unali wobiriwira mpaka m'chiuno. Pamtengo wa mango panapachikidwa chopopera. Ndinafufuza pansi pa nyumba, m'khola la nkhumba, padzala, kufuna chigubu chimene munali mankhwala opoperawo. Sindinachipeze. Munthu wapopera munda wonse, koma chotengera mankhwala palibe.

Nditabwerera m'khitchini ndinaona dengu la masamba a kokonati lili pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Ili ndi limene mumapita nalo kumsika?"

"Lomwelo. Chichitikire zimenezi sindinaligwire."

Pamwamba panali ndiwo zamasamba zofota. Pansi pake panali botolo lodzaza, njiwa ili mbee, phula lake losakhudzidwa. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanaliponya m'chikwama mwakachetechete, koma galasi linagunda msomali, ndipo makutu a Merewalesi alibe ng'ala. Anatambasula dzanja. Analipapasa kuyambira pansi mpaka zala zinafika paphula, n'kuima pamenepo.

"Ili ndiye ndinagula ine," anatero.

Anatembenuzira nkhope kwa ine.

"Nanga limene ndinawapatsa lija linali la chiyani, mwanangu?"

Ntchito yanga ndinadana nayo tsiku limenelo. Mayiyo sanakuwe. Anangokumbatira botolo lija pachifuwa n'kuyamba kugwedezeka uku ndi uku, ndipo amayi a panja atalowa ankaganiza kuti akulira maliro wamba.

*

Mawa lake ndinapita kushedi kwa Kitione. Anthu oyandikana nawo ndinali nditawafunsa kale ngati anaonapo wakuba kapena mlendo akuzungulira pamalopo, onse anakana. Loko anali wabwinobwino, mawindo osathyoka. M'katimo fungo la kura linandilandira ngati mbama. Salanieta, mkazi wa Kitione, anali akutsuka mabeseni oyera kale. Ndi wa ku chilumba cha Kadavu, ndipo lilime lake amalinola m'mawa uliwonse.

"Mwabwera kudzatenganso ine? Dikirani ndivale nsapato."

"Ndabwera kudzafunsa. Mabotolo opanda kanthu, omata kale njiwa, mumasunga pati?"

Analoza ndi chibwano pakona pamene panali simenti yokhayokha. "Anali apo. Makireti mulu, kufika m'mapewa mwangamu. Ndinamata ndekha mpaka zala kutupa."

"Anabedwa?"

"Kubedwa?" Anaseka kuseka kopanda mano. "Kuno sikubedwa kanthu, Sajeni, kuno ndi kwa anthu opemphera. Injini ya boti inapita, sinabedwe. Nkhumba yathu yaikazi inapita ili ndi bere, sinabedwe. Jekete limene mwamuna wanga anavala paukwati wathu ndimakumana nalo kutchalitchi lili pamsana pa munthu wina, ndipo ndimalipatsa moni."

"Munthu wake ndani?"

"Sakiusa, mwana wa Unaisi, mlongo wa mwamuna wanga. Vasu wamkulu! Kwathunso vasu aliko, koma amatenga mkoko wa nthochi n'kuthokoza. Uyu amabwera ndi maso a kabawi."

Ndinakhala pansi pakireti yosweka. Vasu. Mwana wa mlongo wako akalowa pakhomo pako n'kuloza chinthu, chapita, ndipo malume amene angatsegule pakamwa wadzivula ulemu yekha pamaso pa mudzi wonse. Oyandikana nawo aja sananame. Amene anaona Sakiusa akutulutsa makireti masanasana anaona mwana ali kwa malume ake, ndipo zimenezo palibe amene amakauza wapolisi.

"Munamuona ndi maso anu akutenga?"

"Ndinali kumsonkhano wa amayi a mpingo. Pobwera ndinapeza pakona pali mbee. Ndifunse, bambo akuti anatenga mwana. Ndifunse kuti akatani nawo mabotolo opanda kanthu, akuti vasu safunsidwa. Amene analipo ndi iwowo, ndipo ndikhulupirira kuti anamuthandiza n'kusenza komwe."

Anaika beseni pansi, mawu ake n'kutsika. "Sajeni, ife tilibe mwana. Tinapita kuzipatala, tinapita kumapemphero, zinakanika. Zaka zonsezi manja anga akununkha kura, m'basi anthu amandisunthira, ine osadandaula, chifukwa ndikaona njiwa ija pachisakasa cha basi ndimati chathu n'chimenecho. Musalole kuti ife chifukwa cha chimbalangondo chija."

*

Sakiusa ndinamupeza kumudzi kwa bambo ake akuyanika pamalata mizu ya yaqona, ija timasinja n'kusungunula m'madzi kuti tizimwa, mvula itangokata. Ndi mwamuna wamkulu ndithu, wa ndevu zake, magalasi akuda ali pamphumi.

"Aaa, a Sajeni! Zikuyenda? Mwabwera kudzagula kapena kudzalawa?"

"Ndabwera ndi nkhani ya makireti a malume ako."

"Ndinatenga, ee. Za malume anga. Mwakhazikitsa lamulo latsopano loletsa?"

"Anali opanda kanthu."

"Mwatero ndinu. Ine sindinasuzumiremo. Mmene ndinawatengera ndi mmene ndinawagawira anthu. Chimene chinali m'katimo akudziwa ndi amene amathira."

"A Jolame unawapatsa?"

"Ndapatsa anthu ambiri, ine ndi wa mtima wabwino."

Ankalankhula akutembenuza mizu, ndipo ine ndinkayang'ana manja. Zikhadabo zake zinali zakuda, zina zikusupuka. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini iye akunditsatira ndi mluzu. Pansi panali chidindo chozungulira pamene panakhala mgolo nthawi yaitali, ndipo udzu wonse wozungulira pamenepo unali utapserera.

"Mgolo unali apa uli kuti?"

"Wa madzi uja? Unkadontha, ndinataya."

"Madzi ake opsereza udzu?"

"Dzuwa, Sajeni. Dziko likutenthatu masiku ano."

Mwezi wonsewo dzuwa tinali titaliona kangati? Ndinalakalaka kumutchaya mbama, ndikunena zoona. Nkhani inali poyera: anapeza mgolo wa mankhwala oletsedwa, ankagulitsa mobisa kwa alimi pang'onopang'ono, ndipo posowa mothira anakaloza makireti a malume ake. Koma mgolo anali atautaya, mwina m'nyanja, ndipo zikhadabo zokha sizimangitsa munthu.

Ndinayenda khomo ndi khomo m'mudzimo. Mlimi aliyense anandiuza kuti iye amalambula ndi chikwanje, ndipo mlimi aliyense anali ndi munda wachikasu kuseri kwa nyumba. Wina anayankha asanafunsidwe n'komwe. Ndani angavomere kwa wapolisi kuti anagula zoletsedwa? Ndinachita mantha. Mabotolo amenewo anali m'makonde, pansi pa mabedi, m'makhitchini a midzi yonse ya kumtunda, m'nyumba zimene okalamba ndi ana amaidziwa njiwa kuposa dzina la m'busa wawo.

Pobwerera kugalimoto ndinapeza mayi wamtali ataima pachitseko chake, atapinda manja. Nkhope yake inali ya Kitione yeniyeni.

"Ndine Unaisi. Mwana wanga mumusiye."

"Mayi, munthu wafa. Mlongo wanu ali m'chitokosi pa mlandu umene si wake."

"Ndamva." Sanaphethire n'komwe. "Kitione ndinamulera ndine. Akudziwa chochita."

*

Loweruka m'mamawa ndinalowa m'chitokosi ndi tiyi ndi chinangwa chophika. Ndinamuuza zonse, za phula, za dengu la Merewalesi, za mgolo, za minda yachikasu. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Njiwa ikhoza kupulumuka, Kitione, ndipo iwe ukhoza kukagona kwanu lero. Anthu akumtunda onse atsikira kumsika. Ife satimvera, koma iwe akumvera. Ukaime pamene umaima paja, unene zoona: la phula ndi lako, lopanda phula ndi imfa, alibweze. Unenenso kuti makireti anachoka kwako opanda kanthu, ndi amene anawatenga. Umboni wako ndi umene ndikusowa. Enawo onse atseka pakamwa."

"Mayi athu atamwalira ndinali ndisanayambe sukulu," anatero ngati sanandimve. "Unaisi anasiya sukulu yake kuti ine ndipite. Sakiusa atabadwa, ndine ndinakamutenga kuchipatala, mvula ikugwa, nditamufunditsa malaya anga."

"Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndikudziwa. Koma uyu si mwana, ali ndi ndevu, ndipo akukankhira mlandu kwa iwe akuimba mluzu."

"Akamangidwa, zaka zingati?"

"Zimenezo n'za khoti."

Anamwa tiyi yense pang'onopang'ono, n'kuika kapu pansi bwinobwino. "Mabotolo aja achoke m'nyumba za anthu. Nditengereni kumsika, ndikalankhula."

Ndinasangalala, chitsiru ine. Ndinathamangira kwa a Insipekitala, ndinawachonderera mpaka anavomera, ati bola apite nawo. Ndinatumanso uthenga kwa Salanieta kuti zinthu zikuyenda.

*

Msika unali wodzaza mpaka mumsewu. Mabasi a kumtunda anali atatsitsa anthu ndi mitolo ya dalo, amayi a nsomba akukuwa mitengo, matope ali paliponse. Salanieta anali atafika kale ndi kalole kawo konyamulira katundu, kodzaza makireti atsopano, atavala diresi ya kutchalitchi. Ankayembekeza kuti mwamuna wake akangotsika pamenepo, agulitsa mpaka botolo lomaliza.

Pushpa anakhuthula tsabola m'bokosi lake n'kuligadabuza kuti Kitione akwerepo. "Lankhula, mwana wanga, awa amve, achite manyazi!"

Anthu atamuona phokoso linazima kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ena anaomba m'manja. Mnyamata wina wa timu ya ragibi anakweza botolo m'mwamba. Ndinapereka chimkuzamawu kwa Kitione, ndipo pamene ankachilandira ndinaona kumene maso ake anapita. Unaisi anali ataima kutsogolo kwenikweni, atapinda manja. Sakiusa anali pambali pake akutafuna nzimbe.

"Abale anga," Kitione anayamba. "Mwandikhulupirira zaka zonsezi. Ndikhulupirireninso lero, komaliza. Aliyense amene ali ndi botolo langa kunyumba, asamwe. Asapatse mwana, asapatse wokalamba. La phula kapena lopanda phula, lodzaza kapena latheka, libwere kupolisi, palibe amene akufunseni funso."

La phula kapena lopanda phula? Ndinasendera pafupi. "Kitione," ndinanong'ona, "si zimene tinagwirizana."

Sanandiyang'ane. "Mankhwala opha udzu ndinkasunga ine m'shedi mwanga. Ndinkagulitsa ine mobisa, m'mabotolo anga omwe, chifukwa cha dyera. Ndinasokoneza ndine, ndipo sindikudziwa kuti labwino ndi liti, loipa ndi liti. Amene ndinawatuma kukagawa sankadziwa kanthu. A Jolame ndapha ndine."

Kwa kanthawi kunangomveka injini ya basi. Kenaka Salanieta anakuwa, "Bodza! Bodza limenelo! Nena za Sakiusa!" koma mawu ake anamira m'phokoso la anthu. Mnyamata wa ragibi uja analavula, n'kuponya botolo m'ngalande. Linatsatira lina, kenaka lina. Amene dzulo ankamwera pamsewu ndiwo ankatukwana kwambiri, poti munthu ukamuchititsa manyazi pa chimene ankachiikira kumbuyo sakhululuka. Mayi wina anang'amba ambulera yake ndi mpeni wa nsomba. Fungo la kura linadzaza msika wonse. Pushpa, kwa nthawi yoyamba chimudziwire, analibe mawu, anangokhala pansi pakati pa tsabola wake.

A Insipekitala anandikodola ndi mutu. Munthu wavomera pamaso pa tauni yonse, ndikanatani? Ndinatulutsa unyolo. Kitione anatsika pabokosi n'kupereka manja yekha.

"Wanama," ndinatero ndikumanga, misozi ya ukali ili m'maso. "Ukudziwa kuti wanama, ndipo ine sindisiyira pomwepa."

"Mabotolo abwera, Sajeni. Mukanawauza za phula, wina akanalakwitsa ndithu. Maso a okalamba mwawaona nokha."

"Nanga dzina la Sakiusa linakukanika chifukwa cha maso a okalamba?"

Anayang'ana mlongo wake, ndipo Unaisi anagwedeza mutu kamodzi, pang'ono chabe, n'kutembenuka kumapita.

Tinali titangoyamba kuyenda pamene Sakiusa anatidulira kutsogolo. Anataya chikhungwa cha nzimbe, n'kuwerama pang'ono mwaulemu wake wonse.

"Pepani kwambiri, malume, zachitikazi." Anayang'ana kumene kunaima kalole. "Kagalimoto kaja simukafuna kumene mukupitako. Ndikatenge."

Salanieta anali atatipeza, diresi yake ili matope mpaka m'maondo, makiyi ali m'manja. Anayang'ana mwamuna wake, pakamwa pali yasa, kudikira kuti mwina kamodzi kokha pa moyo wake anene kuti ayi.

"Mupatse makiyi, Sala," anatero Kitione.

Salanieta anawaponya m'matope. Sakiusa anawerama, anawatola, n'kuwapukuta bwinobwino pamalaya ake.